Mlandu wa Anthu Amene Anafulatira Mtsinje ku Bangkok

Zithunzi zanu ndaziona zonse, ndipo ndili ndi mawu. Amuna anga, ikani foni pansi. Iwe mkazi mnzanga, chotsa tinthu tam'makututo. Amene akukuimbira nyimbo m'menemo adikire kaye, agogo akulankhula. Musaseke. Nkhani ndi yaikulu, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaitana anyakwawa adzamvere nawo.

Munanyamuka pa Chileka, kukasintha ndege ku Addis Ababa, kuuluka usiku wonse mpaka kukatera ku Bangkok. Za ndalama sindifunsa, ndingakomoke. Malo ogona munasankha bwino, pamenepo ndikuyamikeni, ndipo kuyamika kwanga kuthere pomwepo. Kahotela kakang'ono, nyumba yakale yamatabwa imene eni ake anaikonzanso, zipinda zosakwana 12, khonde lake lotulukira pamwamba pa madzi a mtsinje wa Chao Phraya. Kutsidya, moyang'anana ndi bedi lanu, nsanja ya kachisi wa Wat Arun. Alipo anthu amene amasunga ndalama zaka zambiri kuti akaone chimenecho kamodzi kokha. Inu munali nacho pawindo m'mawa ndi madzulo. Ndiye nditsegule foni ija, ndikupeza chiyani? Chithunzi cha dzira. Chithunzi cha khofi wojambulidwa mtima pamwamba. Chithunzi cha mapazi anu anayi pabedi. Chithunzi cha thaulo limene mtsikana wokonza m'chipinda analipinda kukhala njovu. Mtsinje ukuoneka kamodzi, kuseri kwa khutu la mkazi mnzangayu, ndiponso mwachimbuuzi, chifukwa kamera inatanganidwa ndi ndolo.

Musayese ndikulankhula zakumva. Inu musanabadwe ine ndinali ndikuupondaponda mzinda umenewo. Tinkatera pa Don Mueang, bwalo la Suvarnabhumi munaterapo inulo linadzatsegulidwa mu 2006. Tinkapita kukapikula zovala ku Pratunam: masiketi, majini, timadiresi ta ana, zonse zimene amayi anu ankatchena pa Khirisimasi. Tinkagona amayi anayi m'chipinda chopanda windo, mabelo mpaka kudenga, fani akungozunguza mpweya wotentha womwewo. Kuti udziwe kuti kwacha, unkayang'ana wotchi. Mtsinje ndinkachita kuuba: tsiku limene katundu wapita kale kosikelo ndipo ndege ndi yamawa, anzanga akuwerenga malisiti, ine ndinkazemba ndi timakobidi totsala kupita kudoko. Choncho ndikamati munafulatira mtsinje, ndikudziwa chimene munafulatira.

Tamverani, poti sukulu munapita koma simunafunse. Mzinda umenewo unamangidwa poyang'ana madzi. Likulu lakale la anthu a kumeneko linali Ayutthaya, kumtunda kwa mtsinje womwewo, ndipo asilikali a ku Burma analiwononga mu 1767. Mfumu Taksin inatsikira kumunsi n'kukhazikitsa likulu ku Thonburi, tsidya lomwe kuli Wat Arun. Mu 1782 mfumu yotsatira, Rama I, inaolotsa likulu kubwera tsidya lomwe munkagona inu, n'kuyamba kumanga nyumba yachifumu imene alendo amati Grand Palace. Nthawi imeneyo anthu ankayenda pamabwato, m'ngalande zimene anakumba mzinda wonse. Msika unali pamadzi, nyumba zambiri zinali pamadzi. Msewu woyamba wooneka msewu, Charoen Krung, anadzaulambula m'zaka za m'ma 1860, azungu atadandaula kwa mfumu kuti alibe poyendetsa ngolo zawo za akavalo. Mwaona? Ku Bangkok msewu ndi mlendo, mwini mudzi ndi mtsinje. Inu munafika n'kupereka moni kwa mlendo, mwini mudzi mukumudutsa.

Mwandiuza nokha, ndi pakamwa panu, kuti tsiku loyamba munaitanitsa takisi pafoni. Takisiyo sinathe kulowa kanjira ka kuhotela chifukwa n'kopapatiza, ndiye munayenda wapansi kukaipeza kumsewu, n'kukhala m'menemo ola lathunthu ndi theka, mukuona kumbuyo kwa basi. Doko linali masitepe ochepa kuchokera pachitseko chanu! Mdipiti wa magalimoto wa ku Bangkok ndi wotchuka dziko lonse, ngakhale amene sanafikeko anaumva mbiri. Inu munalipira kuti mukaulawe.

Mukanafunsa mayi wa paresepishoni uja, amene mukuti ankamwetulira nthawi zonse, akanakuuzani kuti mudikire boti la mbendera yamtundu wa lalanje. Ndikufotokozereni, poti simunalione. Limabwera lalitali, lodzaza anthu: ana asukulu ovala mayunifolomu oyera, amayi onyamula majumbo a ndiwo, amonke pamalo awo opatulidwa, anthu a m'maofesi akusinza. Kumbuyo kwake kwaima mnyamata, wezulo pakamwa, chingwe m'manja. Boti lisanagunde matayala akale amene anakoleka padoko, iye walumpha kale, wakulunga chingwe pachitsulo, akuliza wezulo: kulira kwina kukutanthauza bwerera m'mbuyo, kwina imika, kwina tiye. Woyendetsa ali kutsogolo kutali, sakuona za kumbuyoko, akungomvera wezuloyo. Otsika atsika, okwera akwera, mwachangu, ndipo wochedwa watsala. Mukati mukubwera kondakitala, kawirikawiri mayi, atagwira kachitini kachitsulo katalikatali, akukagwedeza tseketseke kuti amene sanalipire adziwe kuti wafika. M'kachitinimo muli makobidi ndi mpukutu wa matikiti. Amang'amba tikiti ndi chivindikiro chake chomwecho, osayang'ana n'komwe. Mtengo wake sunkafika ma baht 20. Pa ndalama imeneyo mphepo ikukuwomba, makachisi akudutsa, milatho ikudutsa pamutu, ndipo ukatsika padoko la Sathorn masitepe a sitima yam'mwamba ali pomwepo, pa siteshoni ya Saphan Taksin. Sitima imeneyo inayamba kuyenda mu 1999, ndipo ife a mabelo tinaiona ikumangidwa. Boti ndi sitima, mzinda wonse wautha. Koma ayi, amuna anga akufuna takisi ya mpweya wozizira.

Tsopano tifike pa za tuk-tuk, ndipo apa mkazi mnzanga usabise nkhope. Munkapita ku Grand Palace. Panjira munakumana ndi bambo wovala bwino, Chingelezi chili myaa, n'kukuuzani mwachisoni kuti lero kwatsekedwa chifukwa kuli mwambo wapadera. Koma musadandaule, mnzake ali ndi kanjinga kamoto ka matayala atatu, akuzungulitsani makachisi ena pamtengo wozizira. Inu mbwee, kukwera. Munathera kuti? Kwa telala wosoka masuti, kenako kusitolo ya timiyala tonyezimira, kumene woyendetsayo amalandira kangachepe akabweretsa anthu onga inu. Bodza limenelo ndi lakale kuposa ukwati wa makolo anu. Ine anandiuzapo ndili ndi mano onse, ndinangomuyang'ana bamboyo kuyambira kunsapato mpaka kumutu n'kupitiriza ulendo. Safunsa anadya phula, ndipo inu munadya phula lopaka suti ya buluu imene ili m'sutikesi mpaka lero, manja ake aafupi.

Mawa lake munabwererako, n'kupeza chipata chili chotsegula monga mwa masiku onse. Koma anakubwezani. Chifukwa? Amuna anga kabudula, mkazi mnzanga kamalaya ka zingwe, mapewa onse pamtunda. Munakwiya, eti, n'kumati anthuwo ndi ovuta. Ndani wovuta? Mukulowa m'bwalo la mafumu a eni, mmene muli kachisi wopatulika kuposa onse m'dziko lawo, mmene amasunga chifanizo cha Buddha chobiriwira chija, chaching'ono chosafika mita imodzi, chimene mfumu kapena woimira mfumu amachisintha zovala katatu pachaka potsata nyengo. Chifanizo chamwala chili ndi zovala za nyengo zitatu, inu anthu amoyo mwalephera kupeza chovala chimodzi chobisa miyendo ndi mapewa. Chitenje chimene ndinakupatsa paukwati, mwana iwe, chikanakuthandiza. Unachisiya kuno chifukwa akuti n'chachikale. Mapeto ake munagula pachipata mathalauza opyapyala a zithunzi za njovu aja, pamwamba pa ma baht 500 aliyense olowera, ndipo chithunzi chimenecho ndicho chokha chimene ndikufuna mundisindikizire, ndichipachike pabalaza.

Ine ndine wa Mvano, sindipembedza m'makachisi amenewo. Koma ndikafika pakhomo pa mwini ndimavula nsapato pamene iye wavula, ndipo sindilozetsa mapazi kumene iye amagwadira. Kumeneko phazi ndi chinthu chonyozeka, mutu ndi wolemekezeka. Ndalama ikagwa suiponda kuti isauluke, chifukwa pali nkhope ya mfumu, ndipo kunyoza mfumu ndi mlandu wokhalira kundende zaka 3 mpaka 15. Nyimbo ya fuko lawo ikalira 8 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, anthu m'masiteshoni amaima chilili. Mukuti tsiku lina munadabwa kuona aliyense waima inu nokha mukuyenda, n'kumaganiza kuti akujambula filimu. Ambuye atichitire chifundo.

Madandaulo anu pa kahotela kaja ndawamvanso, ndipo ndawataya onse. Akuti kalibe chikepe, munakweza nokha masutikesi pamasitepe amatabwa. Masutikesi atatu a sabata imodzi, ananyamulitsa ndani? Akuti kalibe damu losambiramo. Akuti matabwa amalira munthu akamayenda usiku. Akuti madzulo kumadutsa zimaboti zodyeramo anthu, nyali zili ng'aning'ani, nyimbo zili pamwamba, ndipo masana timaboti tatitali tija ta injini ya galimoto yoikidwa kumchira timabangula mpaka makapu kunjenjemera. Akuti udzudzu. Ana inu, walira mvula walira matope. Mtsinje umenewo si chithunzi chopachika, ndi msewu wa anthu ogwira ntchito. Ukufuna bata la kumanda, ukagone pa nsanjika ya 30 m'chihotela cha magalasi, kumene windo silitseguka ndipo wa paresepishoni amakudziwa ndi nambala ya chipinda. Kanyumba kamatabwa kamakupatsa zina: mwini wake amadziwa kuti mkazi mnzanga sadya tsabola, amakujambulira mapu ndi bolopeni kuseri kwa lisiti, amakuuza doko loti utsikire ndi ola loti upewe dzuwa. Mwina akanakuuzaninso za 2011, chaka chimene madzi osefukira anapha anthu oposa 800 m'dziko lawo n'kulowa m'nyumba zambiri za m'mbali mwa mtsinjewo. Mzinda wonsewo uli pachidikha, pang'ono chabe pamwamba pa nyanja yamchere, ndiye anthu a m'mphepete amakhala ndi matumba a mchenga pafupi mvula ikafika kumapeto, cha mu Okutobala. Munthu wodziwa zonsezo anali nanu m'nyumba imodzi, ndipo funso limene munamufunsa ndi limodzi: pasiwedi ya wayifayi.

Koma mlandu waukulu pa yonse ndi tulo. Munkadzuka 10 koloko. Mukuti nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 5, thupi linasokonezeka. Ndavomera tsiku loyamba. Ndavomera lachiwiri, poti ndinu anthete. Nanga enawo? Mtsinje umenewo umaoneka m'bandakucha, kusanatenthe. Ukakhala pakhonde nthawi imeneyo, choyamba umamva kugunda kwa injini chapansipansi, kenako kumatulukira kaboti kakang'ono kakuda ndi utsi, kakukoka zimaboti zitatu kapena zinayi zomangirizana, zodzaza mchenga kapena mpunga mpaka madzi kufika m'milomo. Zimayenda pang'onopang'ono moti ukhoza kumaliza kapu ya tiyi zisanathe kudutsa. Kumbuyo kwa chilichonse kuli kakhumbi, zovala zayanikidwa pachingwe, mayi akuphika pa mbaula, nthawi zina galu wagona pamwamba pa katundu. Banja lonse likukhala pamenepo. Zikadutsa, mafunde ake amafika mochedwa kudzamenya mizati ya pansi pa khonde, phwa, phwa, thabwa limene wakhalapo n'kugwedera pang'ono. Pamadzipo pakuyandama namasupuni, yemweyu amene amativutitsa mu Shire mpaka kutseka makina a magetsi. Ukamuyang'anitsitsa udzaona zodabwitsa: nthawi ina akutsikira kunyanja, pakapita maola akubwerera kumtunda, chifukwa nyanja ili pafupi ndipo ikadzaza imakankha mtsinje kubwerera m'mbuyo. Ndinaima padoko tsiku lina mpaka ndinatsimikiza kuti si maso anga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'tinjira ta kuseri, nthawi yomweyo, amonke akuyenda osavala nsapato, mbale zili m'manja, amayi akuwaikira mpunga wotentha asanatsegule mashopu. Zonsezi zinkachitika kunja kwa katani yanu, inu mukuliza mkonono ndi makina oziziritsa m'chipinda.

Wat Arun mwaijambula kuchokera pabedi, kamodzi kaja. Kuoloka simunaoloke. Kaboti koolotsa anthu kamanyamuka pa Tha Tien, pomwe pali msika wa nsomba zouma wonunkhira ngati pamsika wa usipa ku Limbe, ndipo kamafika tsidya linalo usanamalize kukhala pansi bwinobwino. Mukanafika pafupi mukanaona chimene foni singaone patali: nsanja yonseyo anaimata tizidutswa ta mbale zadothi za ku China. Apa duwa la masamba asanu, tsamba lililonse ndi chibenthu cha sosala. Apo kambale kathunthu kali pakati pa duwa, kamkombero kake kabuluu kakuonekabe. Akuti zambiri zinkabwera m'zombo zamalonda za ku China, zoikidwa pansi kuti chombo chilemere chisagwedezeke panyanja. Zoswekasweka zimene ife tikanataya kudzala, eni ake anakongoletsera kachisi amene dziko lonse limabwera kudzaona. Masitepe ake ndi oimirira zedi, ndinakwera chokwawa, chitenje nditamanga m'chiuno, ndipo sindinali mtsikana. Kuseri kwa doko lomwelo la Tha Tien kuli Wat Pho, mmene mwagona chifanizo cha Buddha chotalika mamita 46. Munadutsa pachipata chake kangapo popita kokagula madzi a m'botolo.

Nanga munkapita kuti masiku onsewo? Ndaona. Iconsiam. Chinyumba cha masitolo chimene anatsegula mu 2018, ine nditasiya kale maulendo. Apo pokha ndiye munakwera boti, chifukwa linali lopita kumasitolo. Ndipo mmenemo munadya chiyani? Baga ndi tchipisi. Kuuluka usiku wonse, kudutsa nyanja yaikulu, kukadya tchipisi cha pa Ginnery Corner! Pamene ukangotsika boti pa Ratchawong n'kuyenda pang'ono wafika ku Yaowarat, dera la Matchaina, kumene dzuwa likalowa msewu wonse umasanduka khitchini: moto uli lawilawi pansi pa mapoto, nkhanu, nsomba zowotcha, bakha, msuzi wowawasa wa tsabola wotulutsa thukuta ndi machimo omwe. Mpunga womata wothira mkaka wa kokonati, mango akupsa pambali, umenewo ndinkaulota ndikabwera kuno. Kumapeto kwa msewu womwewo kuli Wat Traimit, mmene muli chifanizo cha golide cholemera matani 5 ndi theka. Chinakhala zaka zambirimbiri chitamatidwa pulasitala, anthu akuchiyesa chachabechabe, mpaka mu 1955 pamene ankachisamutsa, chingwe chinaduka, chinagwa, pulasitala n'kusweka, golide n'kuonekera. Mukanakaona mukanakhala ndi nkhani yondiuza. M'malo mwake mwandiuza kuti m'chimbudzi cha m'masitolo aja madzi amatuluka okha.

Msika wa maluwa wa Pak Khlong Talat, pafupi ndi mlatho wa Memorial umene anautsegula mu 1932, umagwira ntchito usiku wonse. Pakati pa usiku ndiye malole amatsitsa maluwa milumilu, amayi atakhala pansi akutunga nkhata zokapereka kukachisi. Inu amene simugona msanga, amene mumakhala maso mpaka 2 koloko mukuseka ndi foni, pamenepo ndiye panali pokuyenerani. Simunapiteko.

Chimodzi chomaliza, ndipo ichi chandilasa mumtima. Pali kavidiyo kamene mukutsanzikana ndi anthu a pahotela. Ndakuonani nonse awiri, manja mwaphatikiza pachifuwa, mitu mwaweramitsa, mwaulemu wake, mpaka ndinayamba kufunsa kuti ana odzichepetsawa ndi a yani. Kumeneko wamng'ono ndiye amayamba kupereka moni wotero kwa wamkulu, ndipo munaphunzira m'masiku ochepa. Ndiye mwafika pano dzulo, ine ndakhala pakhonde, amuna anga dzanja lili m'thumba: "Bho agogo?" Mkazi mnzanga wandipatsira kamphatso ndi dzanja limodzi, ataimirira, linalo likuyankha meseji. Ulemu munali nawo, munangousiya ku Suvarnabhumi polemera masutikesi. Ndipo kamphatsoko? Kamaginito komata pafiriji, kojambulidwa Wat Arun yomweyo imene simunapiteko. Firiji ndilibe.

Chigamulo nachi. Mlandu wakutsutsani nonse awiri. Chindapusa ndi tambala mmodzi wamoyo, osati wa m'sitolo wozizira uja, ndi shuga mapaketi awiri, zifike pano Loweruka lisanadutse. Suti ya buluu mupatse msuweni wanu wamfupi uja, imukwana. Ndipo ulendo wina mukasunga ndalama, matikiti akhale atatu. Chipinda cha khonde la kumtsinje ndigonamo ine. Inu ndikakupezerani cha ku Pratunam chopanda windo, chili ndi soketi yotchajira foni, simukadandaula kanthu. Apilo palibe. Tengani mafoni anu, ndipo wina ateleke madzi a tiyi.